Dzina la kachirombo pa milomo ya anthu: kumene liu la "carmine" linachokera

Mukagula utoto wopaka pamilomo, umene kuno ena amati batom ndipo kutsidya kwa malire amati lipisitiki, tembenuzani kabokosi kake muone timalemba ting'onoting'ono ta kumbuyo. Pa mabokosi ena mudzapeza liu la Chingerezi lakuti carmine. Katunduyo akakhala wolembedwa m'Chipwitikizi, liulo limakhala carmim. Nthawi zina salemba liu ayi, amangoika nambala yakuti CI 75470.

Liu limeneli limatchula mtundu wofiira kwambiri, uja ife timati kufiira kuti psuu. Limatchulanso ufa umene umapatsa zodzola mtundu umenewo. Koma anthu ofufuza chiyambi cha mau atalilondola mapazi, anakalipeza ku Persia, dziko limene lero likutchedwa Iran, ndipo kumeneko tanthauzo lake linali nyongolotsi, kapena kuti kachirombo.

Musati ndi nthano ya akale. Ufa wa carmine umapangidwa ndi tizirombo mpaka lero lino. Tsono nkhani ya liuli ndi nkhani ya tizirombo ta mitundu iwiri, kena ka m'maiko ozungulira nyanja ya Mediterranean, kena ka ku Mexico. Ndi nkhaninso ya alimi osauka amene ankatola tiziromboto ndi manja kuti mafumu a kutali avale zofiira.

Mau amayenda ndi katundu

Ife a kumalire kuno sitisowa wotiuza kuti mau amayenda ndi katundu. Apwitikizi atabwera ndi sapato, makolo athu analandira katunduyo pamodzi ndi dzina lake, nalipinda kuti likwane m'kamwa mwao, n'kukhala nsapato. Carta inasanduka kalata, chapéu chinakhala chipewa, capitão anakhala kapitawo. Liu likaoloka mtsinje limasintha malaya, koma eni ake akakumana nalo amalizindikira ndithu.

Tiyeni tililondole liu lathuli chobwerera m'mbuyo, monga achitira mlenje ndi mapazi a nyama.

M'mabuku a Chingerezi, carmine linayamba kuoneka kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1700. Angerezi analitenga kwa Afalansa, amene amati carmin, ndipo iwo anali nalo kale m'zaka za m'ma 1100. Afalansa nawonso analitenga ku Chilatini, chinenero chimene anthu ophunzira a ku Ulaya ankalembera pa nthawiyo. M'Chilatini chimenecho liuli linali carminium.

Apa mapazi akugawika pawiri. Aroma akale, eni ake Chilatini, analibe liu lakuti carminium. Linabadwa m'mbuyo mwao, ndipo akatswiri ambiri a zinenero amati linabadwa mau awiri atalowana. Loyamba ndi minium, dzina la Chilatini la ufa wofiira wopangidwa ndi mtovu. Anthu okopera mabuku pamanja, makina osindikizira asanabwere, ankakongoletsa zilembo zoyamba za mitu ndi ufa umenewu. Liu lachiwiri ndi la Chiarabu lakuti qirmiz, dzina la kachirombo kotulutsa utoto wofiira. Mutu wa carminium unachokera kwa qirmiz, mchira wake kwa minium.

Nanga liu la Chiarabu linalowa bwanji ku Ulaya? Kuyambira m'chaka cha 711, Aarabu ndi Asilamu a kumpoto kwa Africa analamulira mbali yaikulu ya Spain ndi Portugal. Ku Portugal ulamuliro wao unatha mu 1249, ku Spain mu 1492. Pa zaka zonsezo anasiya mau ambiri m'kamwa mwa anthu. Mukamati açúcar, arroz, azeite kapena algodão, mukutchula mau amene anadzera kwa Aarabu. Qirmiz linayenda njira yomweyo, pamodzi ndi amalonda a nsalu ndi utoto.

Aarabu nawonso liuli analilandira kwa anansi ao a kum'mawa. M'chinenero cha ku Persia, kirm ndi nyongolotsi. M'Chisanskrit, chinenero chakale cha ku India chimene ndi pachibale ndi cha ku Persia, nyongolotsi ndi krmi. Apa ndi pamene mapazi athera.

Wodziwa Chipwitikizi angaganize kuti carmim linachokera ku carne, poti nyama yaiwisi ndi yofiira. Ayi ndithu. Mau awiriwa angofanana nkhope, si pachibale.

Kachirombo koyamba

Kachirombo kamene Aarabu ankati qirmiz kamatchedwa kermes m'mabuku a masiku ano. Kamakhala pa kamtengo kakafupi ka masamba a minga kamene Apwitikizi amati carrasco, komera m'malo ouma a ku Portugal, Spain, kum'mwera kwa France, Greece, Turkey ndi kumpoto kwa Africa.

Alimi a chinangwa amadziwa tizirombo toyera tija timene timamatirira pa nsonga za mbeu n'kumayamwa madzi ake osasuntha. Kermes ndi wa gulu lomwelo. Kakakazi kamamatirira pa nthambi, n'kufufuma mpaka kukhala kozungulira ngati nsawawa yaing'ono, m'mimba mwake mutadzaza mazira. Utoto uli m'thupi ndi m'maziramo. Anthu, makamaka amai ndi ana, ankapala tiziromboto ndi zikhadabo mazira asanaswe, n'kutipha ndi vinyo wosasa, n'kutiyanika. Tikauma tinkaoneka ngati njere.

Chifukwa cha maonekedwe amenewa, Aroma ambiri ankayesa kuti ndi kachipatso ka mtengowo. Ankakatcha coccum kapena granum, kutanthauza njere. Apwitikizi mpaka lero ali ndi liu lakuti grã lochokera pamenepo. Mlembi wina wachiroma, Pliny, amene anamwalira m'chaka cha 79, analemba kuti njere zimenezi zochokera kufupi ndi mzinda wa Emerita, umene lero ndi Mérida, zinali zotchuka kwambiri. Analembanso kuti anthu osauka a ku Spain ankalipira nazo gawo la msonkho wao kwa Aroma. Amene anamva kwa agogo ao za thonje la chikakamizo ndi msonkho wa nthawi ya atsamunda akudziwa kulemera kwa mau amenewa.

Utoto wa kermes unali wokwera mtengo zedi, chifukwa pankafunika tizirombo tosawerengeka kuti nsalu imodzi ifiire. Ankavala nsalu yotere ndi mafumu, nduna ndi anthu achuma okha. Mzinda wa Venice, ku Italy, unatchuka ponyika nsalu zimenezi. M'zaka za m'ma 1460, Papa Paul II analamula kuti makadinala azivala zofiira za utoto umenewu, ndipo mpaka lero kadinala timamdziwira chovala chofiira.

Abale ake a liuli

Si onse amene ananyengeka ndi maonekedwe a njere. Ena ankadziwa kuti ndi chamoyo, poti akachedwa kukolola ankaona tiana tofiira tikutuluka n'kumayenda pa nthambi. M'Chilatini nyongolotsi ndi vermis, ndipo kanyongolotsi kakang'ono ndi vermiculus. Dzina limeneli linaperekedwanso kwa kermes, kenaka kwa mtundu umene iye amatulutsa.

Vermiculus ndi kholo la liu limene aliyense wopita kusukulu m'dziko muno amalidziwa: vermelho. Ndi kholonso la liu la Chingerezi lakuti vermilion, limene linadzera ku Chifalansa. Choseketsa n'chakuti utoto umene Angerezi amautcha vermilion suchokera ku kachirombo ayi, umachokera ku mwala. Dzina linasamuka, mwini wake n'kutsala.

Liu lina la Chingerezi, crimson, lotchula kufiira koderako pang'ono, ndi mbale wake weniweni wa carmine. Linachokera ku Chiarabu qirmizi, kutanthauza chinthu cha mtundu wa qirmiz, ndipo linalowa m'Chingerezi m'zaka za m'ma 1400, carmine lisanafike. M'Chipwitikizi liu limeneli ndi carmesim.

Mukapita ku Turkey lero, liu wamba la kufiira ndi kırmızı. Ku Armenia utoto wao wotchuka amautcha vordan karmir, kutanthauza kufiira kwa nyongolotsi. Ku Poland kufiira ndi czerwony, kuchokera ku czerw, mphutsi. Ngakhale m'Baibulo la Chihebri, buku la Eksodo likamatchula ulusi wofiira wa nsalu za chihema limati tola'at shani, ndipo tola'at ndi nyongolotsi.

Mitundu yonseyi sinapangane. Inangoona chinthu chimodzi: kuti kufiira kwabwino, kosasuluka msanga, kunkachokera kwa kachirombo.

Pali liu lina la Chingerezi la zodzola zofiira, lakuti rouge, ufa wopaka m'masaya. Ili lilibe kachirombo m'mbiri yake. Ndi liu wamba la Chifalansa lotanthauza kufiira, lochokera ku Chilatini rubeus, ndipo Angerezi analitenga m'zaka za m'ma 1700, nthawi imene kavalidwe ndi kadzoledwe ka ku Paris kankatsanziridwa ku Ulaya konse. Komabe ufa wa rouge wambiri wa nthawiyo unkafiiritsidwa ndi carmine yemweyo.

Mlendo wa ku Mexico

Tsopano tioloke nyanja ya Atlantic, chifukwa kachirombo kamene kali m'zodzola za lero si kermes ayi.

Ku Mexico ndi ku Peru kumamera chomera cha minga cha masamba okhuthala ngati zikhatho, chobala zipatso zotsekemera. Ku Mexico amachitcha nopal, Apwitikizi amati figueira-da-índia, ndipo amene anagwirako ntchito ku Zimbabwe amadziwa zipatso zake kuti madhorofiya. Pa masamba a chomerachi pamakhala kachirombo kena ka gulu lomwe lija. Kakakazi n'kakang'ono, pafupifupi mamilimita 5, kalibe mapiko, ndipo kamadziphimba ndi zoyera zonga thonje. Mukakatswanya pa chala, chala chimafiira ngati mwadzicheka. Madzi ofiirawo ndi chida chake chodzitetezera, poti nyerere ndi tizirombo tina todya tinzake sitiwakonda.

Anthu a kumeneko anayamba kunyika nsalu ndi kachiromboka kalekale. Ku Peru kwapezeka nsalu zonyikidwa nako za zaka zoposa 1,500 zapitazo. Ku Mexico, makamaka m'chigawo cha Oaxaca, Amixtec ndi Azapotec ankakaweta monga tiwetera nkhuku. Ankasankha mbeu yabwino, ankakateteza ku mvula ndi chisanu, ankakachotsera adani ake mmodzimmodzi. Pakapita miyezi itatu ankakolola posesa masambawo ndi mchira wa gwape. Chifukwa cha kusankha mbeu kwa mibadwo yambiri, kachirombo koweta kanakula kuposa ka kutchire ndipo kanali ndi utoto wambiri. Aaztec, amene ankalamulira pakati pa Mexico, ankakatcha nocheztli, kutanthauza magazi a chipatso cha nopal, ndipo midzi yogonjetsedwa inkapereka matumba a tiziromboti ngati mtulo kwa mfumu yao.

Mu 1521 asilikali a ku Spain, motsogozedwa ndi Hernán Cortés, analanda likulu la Aaztec, Tenochtitlan. Pasanathe zaka zambiri matumba oyamba anafika ku Ulaya. Paja amati mlendo ndiye adza ndi kalumo kakuthwa. Onyika nsalu anapeza kuti kachirombo katsopanoka kanali ndi mphamvu pafupifupi kakhumi kuposa kermes. Pang'onopang'ono kermes anatayidwa, ndipo mabanja amene ankadalira kumtola anasowa msika.

Zombo zinkanyamula katunduyu kuchokera pa doko la Veracruz kupita ku Seville ndi Cádiz, ndipo zina kuchokera ku Acapulco kupita ku Manila. Kwa nthawi yaitali, mwa katundu yense wochoka ku Mexico wa atsamunda, woposa uyu pa ndalama anali siliva yekha. Majekete ofiira a akuluakulu a asilikali a ku Britain ankanyikidwa ndi kachiromboka, pamene asilikali wamba ankavala onyikidwa ndi mizu ya chomera chotchipa. Ojambula zithunzi a ku Ulaya ankagula ufa wake, ndipo amai achuma ankaupaka m'masaya ndi pamilomo.

Taonani tsono zimene zinachitika ndi dzina. Liu la eni ake, nocheztli, silinakwere chombo. Aspanya anakatcha kachiromboka grana, dzina lakale lija la njere, kapena grana cochinilla, ndipo Angerezi anatengapo liu lao lakuti cochineal, Apwitikizi cochonilha. Ufa wofiira wotuluka mwa iko anautcha carmín, dzina la kachirombo kakale ka Aarabu. Mlendo analowa m'nyumba, nalowanso dzina la amene anamulanda malo, monga achitira munthu wolowa ufumu. N'chifukwa chake pamene Angerezi ankayamba kulemba carmine, liulo linali la ku Persia koma katundu wake anali wa ku Mexico.

Njere kapena chamoyo?

Boma la Spain linkasunga malondawa ngati dzira. Alendo sankaloledwa kuyenda m'madera olima nopal, ndipo kutulutsa tizirombo tamoyo kunali koletsedwa. Ku Ulaya kunkangofika tizirombo touma, tokwinyika, tonga njere za mapira. Motero kwa zaka pafupifupi 200 anthu ophunzira a kumeneko ankatsutsana: kodi ndi mbeu ya chomera, kapena ndi chamoyo?

Mu 1704 Antonie van Leeuwenhoek wa ku Holland, katswiri wa magalasi okulitsa zinthu, ananyika njerezo m'madzi n'kuziyang'ana bwinobwino. Anaona kuti ndi tizirombo tatikazi, tina tili ndi ana m'mimba. Komabe ena sanakhulupirire. Munthu wina wa ku Amsterdam, Melchior de Ruusscher, anabetcherana ndi mnzake pa nkhani yomweyi, ndipo pofuna kupambana anaitanitsa umboni wolumbirira kuchokera ku Oaxaca, kwa anthu odziwa ulimiwu. Umboniwo anausindikiza mu 1729, mkangano n'kutha. Chimene anthu a mabuku anakanganirana zaka zonsezo, mwana aliyense wa mlimi wa ku Oaxaca ankachidziwa.

Maiko ena anayesa kuba mbeu. Mu 1777 Mfalansa wina wodziwa za zomera, Nicolas-Joseph Thiéry de Menonville, analowa mozemba mpaka ku Oaxaca, nagula masamba a nopal okhala ndi tizirombo tamoyo, nawabisa pakati pa zomera zina mpaka kukafika nawo ku Saint-Domingue, dziko limene lero ndi Haiti. Koma iye anamwalira mu 1780, ndipo tizirombo take sitinakhalitse. Kuba mbeu kunali kosavuta kusiyana ndi kuba nzeru ya kasamalidwe kake.

Msika utagwa

Mexico italandira ufulu mu 1821, chitseko chinatseguka. Ulimi wa kachiromboka unakula ku Guatemala ndi pa zilumba za Canary, zimene zili kufupi ndi gombe la Morocco koma zili m'manja mwa Spain. Pa zilumbazi anthu anazula mbeu zina n'kubzala nopal paliponse, poti ndalama zinali pamenepo. Katundu atachuluka, mtengo unayamba kutsika, ndipo alimi a ku Oaxaca anali oyamba kulira.

Nkhonya yaikulu inachokera kwina. Mu 1856 mnyamata wa zaka 18 wa ku London, William Perkin, ankayesa kupanga kwinini, mankhwala a malungo, pogwiritsa ntchito zotuluka mu phula la malasha. Kwinini sanampeze, koma anapeza utoto wofiirira. Umenewu unatsegula njira ya utoto wopangidwa m'fakitale. Mu 1868 akatswiri awiri a ku Germany, Carl Graebe ndi Carl Liebermann, anapanga utoto wofiira wa alizarin popanda munda, ndipo mitundu ina yofiira yotchipa inatsatira.

Pofika m'zaka za m'ma 1880 malonda a kachiromboka anali atagwa. Alimi a ku Guatemala anatembenukira ku khofi. Pa zilumba za Canary mabanja ambiri anasiya minda n'kukwera zombo kupita ku Cuba ndi maiko ena a ku America kukafuna ganyu. Mlimi wa fodya kapena thonje wa kuno, amene mtengo wa mbeu yake umagamulidwa ndi anthu amene sanawaonepo, safunika kumasuliridwa nkhani imeneyi.

Kubwerera kwake

Kachiromboka kanachoka pa nsalu, koma sikanatheretu. Patapita zaka, madokotala anayamba kukayikira utoto wina wa m'fakitale umene unkathiridwa m'zakudya ndi m'zodzola. Ku United States boma linaletsa utoto wotchedwa Red No. 2 mu 1976. Wina, Red No. 3, linauletsa m'zodzola mu 1990, ndipo mu Januwale 2025 linalengeza kuti uchotsedwenso m'zakudya. Makampani ofuna kufiira kochokera ku chilengedwe, kosasuluka ndi kutentha kapena dzuwa, anabwerera kwa kachirombo.

Lero dziko lokolola tizirombo tambiri kuposa onse ndi Peru, makamaka m'zigawo za Ayacucho ndi Arequipa. Ku Oaxaca ndi pa chilumba cha Lanzarote, chimodzi mwa zilumba za Canary, ulimiwu ulipobe pang'ono. Kakololedwe sikanasinthe kwenikweni: munthu amapala masamba ndi manja, pakati pa minga. Kuti pakwane kilogalamu imodzi ya tizirombo touma pamafunika tizirombo pafupifupi 150,000.

Ku fakitale amasinja tizirombo toumato n'kutiwiritsa m'madzi. Madzi ofiirawo amawasefa, n'kuthiramo mchere wina umene Apwitikizi amati pedra-ume. Utoto umagwirana ndi mcherewo n'kudikha pansi ngati ufa wa chinangwa m'mtsuko. Akautsanula n'kuuumitsa, ufa wofiirawo ndiye carmine. Umalowa mu batom, mu ufa wa m'masaya, mu yogati, maswiti, masoseji, zakumwa zina ndi zikutiro za mapiritsi ena. Pa zakudya umalembedwa kuti E120 kapena INS 120.

Mu Africa muno kachiromboka kali ndi mbiri ya nkhope ziwiri. Ku South Africa mitundu yake ya kutchire anaibweretsa dala, mu 1913 ndi mu 1938, kuti iphe zomera za mingazi zimene zinalanda malo odyetsera ziweto, ndipo inathandiza. Koma ku Tigray, kumpoto kwa Ethiopia, kumene kachirombo koweta kanalowetsedwa m'zaka za m'ma 2000 pofuna malonda a utoto, kanafalikira kosaletseka n'kuononga minda yambiri ya chipatso chimene anthu amadalira pa nthawi ya njala. Ku Morocco nako mtundu wa kutchire waononga minda kuyambira mu 2014. Chuma cha mudzi wina chimakhala mliri wa mudzi wina.

Zoti wogula adziwe

Si batom aliyense wofiira amene ali ndi carmine. Ambiri, makamaka otchipa, amafiiritsidwa ndi utoto wa m'fakitale. Chokuuzani zoona ndi timalemba ta pa kabokosi tija.

Kwa anthu ambiri carmine alibe vuto, ndipo ndi wololedwa m'zakudya ndi m'zodzola m'maiko ochuluka. Ife odya ngumbi, bwannoni ndi mphalabungu sitingachite nseru pomva za kachirombo. Koma alipo anthu owerengeka amene thupi lao limadana naye: milomo imatupa, khungu limachita zidzolo, ena amabanika. Zikatero, siyani kudzola ndipo pitani kuchipatala mutatenga kabokosiko. Chifukwa cha anthu otere, ku United States lamulo linayamba kugwira ntchito mu 2011 lakuti dzina la carmine lizilembedwa poyera pa katundu, osabisala m'mau akuti utoto wothiridwamo.

Alipo enanso amene amapewa carmine kaamba ka chipembedzo kapena chifukwa sadya chilichonse chochokera ku nyama. Mu 2012 kampani ya Starbucks, yogulitsa khofi ndi zakumwa, inasiya kuthira utotowu m'zakumwa zake zina makasitomala atadandaula. Ambiri mwa odandaulawo anadabwa kumva kuti ankamwa kachirombo. Chikhala kuti ankadziwa mbiri ya liulo, sakanadabwa, poti dzina lenilenilo linkanena zonse.

Ife kuno tili ndi kufiira kwathu: katondo wa m'munda, ndi madzi a mtengo wa mlombwa amene amatuluka ngati magazi mukautema. Maina amenewa amaloza chinthu chimene tikuchiona ndi maso. Mau obwera amalozanso chinthu, kungoti chinatsala kutali, ndipo wolitchula sachiona. Mwana wa sukulu ya pulaimale ku Ulónguè kapena ku Furancungo akamatchula mitundu ya mbendera ya dziko lino, amati verde, preto, amarelo, branco, vermelho. Pa liu lotsirizalo, iye osadziwa, akutchula kanyongolotsi kamene amai osauka a ku Spain ankapala ndi zikhadabo zaka pafupifupi 2,000 zapitazo kuti alipire msonkho.